Utsi Wosaluma M'maso

Ntchito yanga inali yodyetsa injini ndowe. Ndimanena choncho dala, chifukwa anthu akamva kuti ndinkayang'anira makina opanga magetsi amayamba kundipatsa ulemu umene sindinaugwirire ntchito. Famu ya kopaletivi imene ndinkagwirako inali pakati pa Balaka ndi Nkaya, kufupi ndi njanji. Tinali ndi ng'ombe zamkaka, ndipo ndowe zake tinkazisungunula ndi madzi n'kuzithira m'chidzenje cha simenti chotseka pamwamba. Ndowe zikawola zimatulutsa gasi, ndipo gasiyo ndiye ankayendetsa injini.

Injiniyo inali yaing'ono, yokwana m'kanyumba kofanana ndi khitchini, koma inkatipatsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Inkapanga magetsi oziziritsira mkaka ndi oyendetsera chigayo. Kutentha kwake nakonso sitinkakutaya. Paipi yotulutsa utsi inkadutsa kaye m'chipinda choyanikira, n'kuzungulira pansi pa mathandala, kenako n'kukatulukira kudenga. M'chipindamo tinkaumitsa makaka, chinangwa chosenda ndi kuduladula chija, ngakhale kunja mvula itagwa sabata yathunthu osapumira.

Ndinkainyadira injini imeneyi moti akazi anga ankati zikanatheka ndikanapita nayo kutchalitchi. Sankanama. M'mawa uliwonse ndinkalemba zinthu zitatu papepala: magetsi amene tapanga, kutentha kwa m'chipinda choyanikira, ndi mmene mpweya ulili m'chipindamo. Chachitatuchi ndinkawerenga pa kabokosi koyera kokhomedwa pakhoma, kamene kamamva mpweya woipa umene mphuno ya munthu siumva. Amisiri amene anadzamanga makinawo anandiuza momveka bwino, kawiri konse, kuti kabokosiko kakalira ndizimitse injini, nditsegule chitseko, ndisadikire kufunsa munthu. Ndikulemba zimenezi pachiyambi kuti pasakhale wondimvera chisoni poganiza kuti sindinkadziwa.

Pakhomo pa kanyumba ka injini ndinakhomapo bolodi, ndipo tsiku lililonse ndinkasinthapo ndi choko chiwerengero cha masiku amene injini yayenda osazima. Palibe anandituma. Alendo akabwera kudzaona ntchito yathu ankajambula bolodilo, ine n'kumaima pambali pake chifuwa chili patsogolo. Ndinalinso ndi kamasewera kanga. Ndinkakwera pamakwerero, n'kuika kampango koyera pakamwa pa paipi, kenako n'kukaonetsa alendowo kali koyera bwinobwino. «Mwaona? Utsi wathu ndi waukhondo,» ndinkatero, iwo n'kuwomba m'manja. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'chipinda choyanikiramo munkagwira mayi ena achikulire, kwawo ku Nsanama. Anabwera kudzakhala ndi mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ku Nkaya, koma kukhala chabe kunawakanika, ndiye anapempha ntchito yotembenuza makaka pamathandala. Anali Msilamu, wamfupi, wa mikono yolimba, ndipo pakamwa pawo sipankachedwa. Ankanditchula baba, ine ndinkawatchula amayi. Atamva kuti agogo anga anachokera ku Mozambique, anagwira kumutu.

«Mlomwe kumuika woyang'anira makaka? Amanijala aika fisi m'khola la mbuzi.»

«Inu Ayao mukanakhala ndi thumba lake, ngakhale utsiwu mukanakaugulitsa pamsika,» ndinawabwezera.

Anaseka mpaka kugwira thandala. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unkayamba ndi nkhondo yotere, ndipo tsiku limene sanandinyoze ndinkadandaula kuti kapena ndawalakwira.

Chipindacho ankachikonda kwambiri. Maso awo anali ofiira mpaka kalekale chifukwa cha zaka zambiri zophikira nkhuni zonyowa. Ankati moyo wawo wonse akhala akulipira kutentha ndi misozi, koma muno amaotha kwaulere.

«Utsi ndi uwu, baba. Suluma m'maso, sutsokomoletsa. Azungu anaulera bwino.»

Ine ndinkavomera, chifukwa mawuwo ankandikomera. Sindinawauze kuti utsi woluma m'maso ndi wachifundo, poti umakuthamangitsa usanakupweteke. Ndinawaphunzitsa chinthu china m'malo mwake. Ndikapeza chitseko chili pululu ndinkakalipa kuti akutaya kutentha kwanga, mpaka anazolowera kudzitsekera mkati ndi kutseka mpata wa pansi ndi chiguduli.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadani unagwa m'nyengo ya mvula, cha m'Malichi. Kumwamba kunatseka, dzuwa osaoneka. Alimi onse a chinangwa ankabweretsa makaka awo kwa ife chifukwa kunyumba ankachita nkhungu, ndipo mathandala anadzaza mpaka m'mwamba. Sabata yotsatira tinkayembekezanso alendo ochokera ku Lilongwe. Chiwerengero cha pabolodi langa chinali chisanafikepo pamene chinafika nthawi imeneyo.

Lachiwiri m'mawa kabokosi kaja kanalira. Kulira kwake n'kosasangalatsa, ngati mwana wankhuku wotayika, koma kokweza. Ndinawatulutsa amayiwo, n'kuyamba kutsata paipi ndi dzanja. Kuseri kwa thandala lomaliza, polumikizira mapaipi awiri, ndinamva kampweya kotentha kakupuma pachikhatho. Panali patang'ambika pang'ono, mng'alu woti chikhadabo chokha ndicho chingalowe.

Ndinaima pamenepo n'kuwerengera. Chitsulo cholumikizira chinayenera kuchokera ku Blantyre. Injini inayenera kuzima, kuzizira, kudikira. Mkaka ukanasasa, makaka akanada, alendo akanapeza bolodi lolembedwa ziro. Ndinatenga kachidutswa ka lata, ndinakulunga pong'ambikapo, ndinamanga ndi waya, pamwamba n'kumata dothi la pachulu. Kabokosi kanakhala chete. Ndinadziyamikira kuti ndine mmisiri.

Dothi litauma linang'aluka, ndipo masana kabokosi kanayambanso. Amayiwo anali atapita kukaswali, kukapemphera, pansi pa mtengo wa mango, kumene ankayala kamkeka kawo. Ndinalowa ndekha, ndinatsegula kabokosiko kumbuyo, ndinachotsa mabatire awiri n'kuwaponya m'thumba la ovolosi. Papepala la tsiku lotsatira ndinalemba nambala ya dzulo lake. Amanijala sindinawauze kanthu. Ndikanakonda kunena kuti anandikakamiza, kapena kuti anali munthu woopsa, koma iyayi. Anali munthu womva, ndipo akanandiuza kuti ndizimitse. N'chifukwa chake sindinawauze.

Ndinadzinamiza kuti mng'aluwo ndi waung'ono, chipinda ndi chachikulu, ndipo amayiwo amatuluka pafupipafupi. Ndinati alendo akangochoka ndikonza. Munthu akafuna kulakwa sasowa womulimbikitsa, amakhala naye m'mutu momwemo.

Lachinayi amayiwo anabwera pakhomo pa kanyumba ka injini atamanga mpango wachiwiri mothina pamphumi.

«Baba, mutu ukundiwaza ngati nkhuni. Ndikawerama, pansi pakuzungulira.»

Ndinakumbukira mabatire aja. Koma pakamwa panayankha msanga, ndi kuseka komwe.

«Ndi njala imeneyo, amayi. Munthu osadya osamwa chichokereni mbandakucha, n'kumagwira ntchito motentha, mukuti mutu uziimba nyimbo?»

Azimayi amene anabwera ndi zigubu za mkaka anavomereza onse. Ngakhale amene anali Asilamu anzawo anati Ramadani ya chaka chino ndi yolemera. Yankho linali pafupi, lodziwika kwa aliyense, ndipo palibe anafunafuna lina. M'dera lathu munthu akachita chizungulire m'mwezi umenewu, sitifunsa kawiri.

Iwo okha ndi amene anakana. Anandiyang'ana mokwiya.

«Iyayi, baba. Ndayamba kufunga, kusala kudya kumeneku, ndili mtsikana. Ndagalauzapo munda m'dzuwa la Okutobala ndili wofunga, khasu osalisiya. Njala ndimaidziwa, ndi mnzanga. Iyi si njala.»

«Zaka, amayi. Nthawi imeneyo munali ndi mano onse.»

Anthu anaseka, ndipo iwo anabwerera m'chipinda n'kutseka chitseko monga ndinawaphunzitsira. Zimene ndinaona masiku amenewo sindingazikane. Akatuluka kukaswali pansi pa mango, pobwera ankayenda mowongoka, nkhope itamasuka. Akakhalitsa mkati ankatuluka akugwira khoma. Ndinkaziona ndili pawindo langa. Kawiri konse ndinadzuka kuti ndikazimitse injini, kawiri konse ndinakathera pa bolodi n'kumakonza nambala imene choko chake chinali chitafufutika ndi chinyezi. Chimene ndinachita n'kuchotsa chiguduli cha pansi pa chitseko. Atachibwezera, ndinachisiya pomwepo.

Loweruka masana ndinapita kukawerenga kutentha. Chitseko chinali cholimba, ndinachikankha ndi phewa. Ndinawapeza atakhala pansi, msana atatsamira mwendo wa thandala, lichero litagwa pambali, makaka ali mbwee. Maso anali otsegula koma sankandiona. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakokera panja pa udzu wonyowa. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Azimayi a kuchigayo anathamanga. Wina anasungunula shuga m'kapu ya madzi. Atawaika kapuyo pakamwa, amayiwo, ngakhale anali asanatsitsimuke bwino, analuma mano n'kutembenuza nkhope. Analoza kumwamba ndi chala, kutanthauza kuti dzuwa likadalipo. Azimayi aja anawagwira mutu, anawanyengerera, mpaka anameza. Atazindikira kuti ameza, misozi inatsika mbali zonse ziwiri. Sanalire mokweza. Ine ndinali nditagwada pomwepo, mabatire aja akundikanikiza pantchafu.

Tinawatengera pagalimoto ya mkaka kuchipatala chaching'ono chapafupi. Mphepo ya m'njira inawathandiza, moti pofika ankatha kuyankhula pang'ono. Adokotala anafunsa amene anawapeza, ndipo ndinaimirira.

«Chinachitika n'chiyani?»

«Akufunga, adokotala. Sanadye kapena kumwa chichokereni m'mamawa, ndipo amagwira ntchito m'chipinda chotentha.»

Mawu onsewa anali oona. Palibe limodzi limene munthu angalitole n'kunena kuti ili ndi bodza, ndipo ndi bodza lalikulu kuposa onse amene ndinanenapo. Adokotala anagwira ntchito ndi zimene ndinawapatsa. Anawayeza, anawaika diripi, ndipo anawalangiza mwaulemu kuti pa msinkhu wawo thupi layamba kukana, ndi bwino kusala kudya akusiye. Amayiwo anangoyang'ana kudenga.

Nditabwerera kufamu madzulo asanafike, ndinazimitsa injini. Ndinaphwanya dothi lija, ndinachotsa lata ndi waya n'kuziponya kudzala, ndinabwezera mabatire. Kenako ndinakauza amanijala kuti ndangopeza kumene mng'alu papaipi. Anandigwira dzanja, anati anthu atcheru ngati ine ndi osowa. Sanalumikize nkhani ziwirizo, chifukwa ya amayiwo inali ndi dzina kale, inali njala.

Chitsulo chinafika patapita masiku atatu. Mkaka anaupititsa kozizira kwina ku Balaka, sunasase. Makaka amene anada anali madengu awiri okha. Alendo a ku Lilongwe anabwera, anamwa tiyi, ndipo bolodi sanaliyang'ane n'komwe. Zonse zimene ndinkaopa zinali zimenezo basi. Ndikakumbukira ndimadzikwiyira kuposa kudzimvera manyazi, chifukwa ngakhale wakuba amaba chinthu chooneka.

Amayiwo sanabwerenso kuntchito. Pa Idi mwana wawo uja anafika kunyumba kwathu ndi mbale ya mpunga wa mafuta ndi nkhuku, yokutidwa ndi kansalu kopeta. Anati amayi akuthokoza, akuti pakanapanda inu baba tikanawaika m'manda. Akazi anga analandira mwaulemu, anagawa, ana anadya mosangalala. Inenso ndinadya. Ndinamaliza mbale yanga yonse, ndinanenanso kuti mpunga wa Ayao ulibe unzake.

Patapita nthawi amayiwo anabwerera kwawo ku Nsanama. Ine ndinapitiriza ntchito, ndipo ndinasanduka wovuta pa nkhani ya kabokosi. Mabatire ndinkasintha asanathe. Ndinaboola khoma la chipinda choyanikira n'kuikapo mazenera awiri a mpweya. Masewera a kampango ndinasiya, bolodi ndinalichotsa. Anthu ankati ukalamba wandipatsa nzeru. Ndinkaganiza kuti ndikachita bwino mokwanira kutsogoloku, za kumbuyo zidzafufutika zokha. Kutchalitchi ndinkaulula machimo ena onse, ili ndinkalilambalala. Ndinkati amayiwo ali moyo, achira, nanga ndikawadzutsirenji nkhani yogona?

Zinatha zaka ziwiri. Tsiku lina m'mwezi wa Ramadani ndinakumana ndi mwana wawo kuchigayo, ndipo ndinafunsa za moyo wa amayi monga mwa mwambo, ndikuyembekeza yankho la mwambo. Iye anaika thumba pansi.

«Thupi ali bwino, amalima kuposa ine. Koma mtima ndiye ayi. Chigwereni kuja safunganso. Chaka chatha anayesa tsiku limodzi, kamutu katangoyamba anachita mantha, anamwa madzi. Ashehe anawauza kuti wokalamba amaloledwa, azingopereka mbale ya mpunga kwa osauka tsiku lililonse. Amapereka. Koma anzawo akamakumana madzulo kukamasula kusala limodzi, iwo sapita. Amati ndikakhala bwanji pakati pa anthu anjala ine nditakhuta? Masana amadyera kuseri kwa nyumba, mobisala ngati wakuba, kuti adzukulu asawaone.»

Ndinayankha kuti pepani, n'kulowa m'kanyumba ka injini ngati ndaitanidwa. Ndinakhala pa ndowa yovundikira nthawi yaitali. Ndinkadzitonthoza zaka zonsezi kuti sindinaphe munthu. Sindinaganize kuti ndinawabera chinthu chimene ankadziyezera nacho kuti iwo ndi ndani, ndipo ndinachita kuwasiya akudziimba mlandu okha.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, kuchoka apo ina ya ku Nsanama. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndipo onse ankatuluka ondikomera. Pamsika ndinafunsa njira kwa wogulitsa nandolo, anandilozera kupyola mzikiti, nyumba ya njerwa zosawotcha yokhala ndi mtengo wa mpoza. Linali dzuwa la paliwombo. Pakhonde panalibe munthu. Ndinaodira kawiri, kenako ndinazungulira.

Ndinawapeza kuseri, pakati pa nyumba ndi bafa la udzu, atakhala pa kampando kafupi moyang'ana khoma. Pamiyendo panali mbale ya maungu ophika. Atandiona anafulumira kuivundikira ndi nsonga ya chitenje, ngati mwana wopezeka ndi shuga. Kenako anandizindikira, nkhope inawala.

«Fisi wa makaka uja! Baba, mwasochera?»

Anandipatsa kampandoko, iwo anakhala pamkeka. Tinapatsana moni wautali, wa ana, wa ng'ombe, wa mvula. Anafunsa ngati injini yanga ikudyabe ndowe. Ndinaona kuti ndikalola nthabwala ipitirire ndibwerera nayo nkhaniyo ku Balaka. Ndinavula chipewa.

«Amayi, sindinabwere kudzacheza. Tsiku lija munagwa, sinali njala.»

Ndinanena zonse, mosakonza. Za mng'alu, za dothi, za mabatire m'thumba, za bolodi. Ndinawauza kuti utsi uja suluma m'maso koma umalowa m'magazi, ndipo ukanagwetsa ngakhale mnyamata wokhuta. Ndinawauza kuti ndinkadziwa kuyambira Lachiwiri, ndipo pamene ndinkawaseka za mano ndinali ndikudziwa.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anasalaza mkeka ndi chikhatho. Nkhuku inadutsa pakati pathu.

«Kabokosi kaja ndinamva kuti kasiya kulira,» anatero pomaliza. «Ndinati baba akonza.»

Ndikanakonda akanandimenya ndi mbaleyo. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Za kupepesa kwanga analibe nazo ntchito, mutu wawo unali pena.

«Ndiye kuti si thupi langa?»

«Iyayi, amayi.»

«Silinakane?»

«Silinakane. Munanena nokha kuti iyi si njala. Munalondola.»

Anapumira m'mwamba. Ndinaona akuwongola msana pang'onopang'ono, mmene ankachitira pochokera pansi pa mango. Kenako anayamba kupinda zala, milomo ikuyenda. Ankawerenga masiku: otsala a mwezi umene anagwa uja, mwezi wathunthu wa chaka chatha, ndi amene apita kale chaka chino. Zala zinatha, anayambiranso, zinathanso. Sanandiyang'ane.

«Ndi ambiri,» anatero. «Ndibweza, Mulungu akandisunga. Koma madzulo aja anzanga ankamasula limodzi ine ndili muno, amenewo sabwezeka, baba.»

Sananditemberere, sananenenso kuti andikhululukira. Anaitana mpongozi wawo amene anali m'nyumba, n'kumuuza m'Chiyao mawu ochepa. Ndinatolapo liwu limodzi lokha, daku, chakudya chimene ofunga amadya kusanache. Ankamuuza kuti mawa awadzutse nawo.

Kenako anavundukula mbale ija. Maungu anali atazizira, anali atangodyako chidutswa chimodzi. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana mbale.

«Lero lapita kale, ndalawa. Koma sindipitiriza.» Anaikankhira kwa ine pamkeka, n'kundisunthira kabeseni ka madzi osamba m'manja. «Idyani inu. Mwachokera kutali.»

Mlendo sakana chakudya. Ndinasamba m'manja n'kuyamba kudya, kuseri kwa nyumba kuja, moyang'ana khoma. Iwo anayambiranso kuwerenga pa chala chaching'ono.